Mau Obwera ndi Lamya: Ndani Akuwasankha ku Chamama?

Munthu amene adachoka ku Chamama m'chaka cha 1995, atati abwerere lero, njira ya kwao sangaisokere ai, koma makutu ake ndiwo angasokere. Angamve mai akutuma mwana kuti akagule bandulo, mlimi akudandaula kuti netiweki yavuta, mnyamata wa kabaza akufunsa komwe angatchajitse foni, ndiponso ana a sukulu akuuzana kuti nkhani ija ikutrenda. Onsewa akulankhula Chichewa, komanso akuchilankhulira m'boma la Kasungu, limene anthu ambiri amati ndiko kuchimake kwa chilankhulochi.

Akuluakulu ena akamva zotere amapukusa mutu nkumati Chichewa chikutha. Chichewa sichikutha. Chimene chiyenera kutidetsa nkhawa ndi china. Liu lililonse latsopano limabwera litasenza katundu wake: limatiuza kuti ichi nchoseketsa, icho nchonyaditsa, uyo ngwoopsa. Kale liu lotere linkatenga zaka kuti lifike kumudzi, ndipo linkadutsa m'makutu mwa anthu ambiri oliyesa. Lero limafika tsiku lomwelo, m'thumba mwa mwana wa zaka 15, popanda wolifunsa kumene lachokera.

Alendo adayamba kale kufika

Mau achilendo sadayambe ndi lamya za m'manja. Fodya yekha adabweretsa mtolo wa mau kuno ku Kasungu: nazale, belo, jeke, giredi, okushoni, esiteti, tenanti. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mau amenewa adatuluka m'maesiteti nalowa m'nyumba iliyonse. Lero gogo amene sadapondepo m'kalasi amakamba za mabelo opita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, osaganizako nkomwe kuti akutchula Chingerezi. Amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku migodi kudzera ku Wenela adabwera nao mau ao, monga Joni ndi matchona. Nayo ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, imene idayamba mu 2005, idatisiyira makuponi ndi sabuside.

Kusiyana kwake nkwakuti masiku amenewo panali alonda pachipata. Mu 1968 Chichewa chidakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha fuko, ndipo mu 1972 boma lidapanga bungwe la Chichewa Board kuti liziyang'anira kalembedwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka mau. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC. Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu konkuno, amene ali wophunzira ku Chicago adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Chichewa lomwe lidatuluka mu 1937, ankakonza Chichewa cha anthu ngakhale pa misonkhano ya ndale. Ulonda umenewu unali ndi zoipa zake, pakuti zilankhulo zina, monga Chitumbuka, zidachotsedwa pa wailesi. Ndale za zipani zambiri zitabwera, bungwe lija lidathetsedwa, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba, imene mu 2000 idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Akatswiri a kumeneko amafufuza ndi kulangiza, koma alibe mphamvu yoletsa liu kutuluka pakamwa pa munthu.

Njira imene mau akudzera lero

Wina angafunse kuti: kodi masamba a mchezo angasinthe bwanji kalankhulidwe ka kumudzi, pamene ambiri alibe lamya zamakono? Funsoli nlomveka. Kafukufuku amene ofesi yoona za chiwerengero idachita pamodzi ndi bungwe la MACRA mu 2019 adapeza kuti anthu pafupifupi 15 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankagwiritsa ntchito intaneti m'dziko muno, ndipo kumidzi anali ochepera 10 mwa 100. Chiwerengerochi chaonjezeka kuchokera nthawiyo, komabe ambiri akadali kunja.

Yankho lake nlakuti liu silifuna lamya m'nyumba iliyonse. Limangofuna lamya imodzi pamalo pamene pamasonkhana anthu. Ulendo wake umayenda motere. Liu limabadwira mumzinda, ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, kawirikawiri m'nyimbo, m'nthabwala kapena pakamwa pa munthu wotchuka. Wina amalijambula naliika pa Facebook kapena pa TikTok. Kuchokera pamenepo limalowa m'magulu a WhatsApp, ndipo apa mpamene limapeza njira yakumudzi, chifukwa magulu amenewa amalumikiza anthu odziwana: abale a banja limodzi, ena ali ku Joni ena ali ku Chamama, anthu amene adaphunzira sukulu imodzi, alimi a kalabu imodzi, oimba kwaya imodzi. Munthu amakayika mau a mlendo, koma a mlamu wake amangowalandira.

Likafika pa lamya imodzi ya pa malo ochitira malonda, liu limatsika nkuyamba kuyenda pansi. Anyamata ometa, otchajitsa mafoni, oika nyimbo ndi mafilimu m'timakadi ta m'foni, oyendetsa kabaza, onsewa amalitola ndi kulipereka kwa aliyense amene wakhala pa benchi pao kapena wakwera njinga yao. Uthenga wojambulidwa mau wachititsa kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga amve yekha ndi makutu ake. Kenaka wina amaimba lamya ku wailesi nalitchula, woulutsa mau nalibwereza, ndipo pofika sabata yotsatira ana akulitchula pa bwalo la sukulu. Gogo amalimva kwa mdzukulu wake, iye osaonako Facebook chibadwire.

Si mau onse amene amakhazikika. Ambiri amafa mwezi usanathe. Amene amatsala amakhala ndi zinthu zingapo zofanana. Amakhala aafupi. Amatchula chinthu chimene anthu akuchiona koma chilibe dzina. Amaseketsa, kapena amasonyeza kuti wolankhulayo si wotsalira. Koposa zonse, amalola kuvala zovala za Chichewa. Taonani liu loti kutchaja: tsopano timati kutchajitsa, kutchajira, kutchajidwa, monga momwe timachitira ndi kuphika kapena kulima. Foni idasanduka mafoni, kafoni, chifoni. Liu likayamba kumvera malamulo otere ndiye kuti lakhala lathu, ndipo Chichewa ndicho chapambana. Akatswiri a zilankhulo adaziona kale izi: Pulofesa Francis Moto adalemba za chilankhulo chatsopano cha achinyamata a m'Malawi mu 2001, Facebook isanabadwe. Masamba a mchezo sadayambitse khalidweli, adangolipatsa liwiro.

Mau amene adatipindulira

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Pali mau ena amene adathandiza anthu wamba kumvetsa ndi kukamba nkhani zimene kale zinali za ophunzira okha.

Mu Seputembala 2013 kudaululika kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill. Akatswiri ofufuza za chuma a ku Britain adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Atolankhani ndi anthu a pa masamba a mchezo adaitcha nkhaniyi Cashgate, potengera mlandu wa Watergate wa ku America wa 1972. Posakhalitsa liuli lidafika m'midzi ngati kashigeti, ndipo anthu adayamba kulitchula ponena za kuba kulikonse kwa munthu amene wasungitsidwa chuma cha gulu. Dzinali lidapatsa anthu mphamvu yoloza chala chinthu chimene kale ankangoching'ung'udzira.

Mu Meyi 2019, pamene dziko linkadikira zotsatira za chisankho, wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho pa nthawiyo, Dr. Jane Ansah, ponena za madandaulo 147 amene bungwelo lidalandira adagwiritsa ntchito liu loti madando. Ambiri anali asanalimvepo. Pasanathe masiku, linali paliponse: m'nthabwala, m'nyimbo, pa zikwangwani za ochita zionetsero. Nalo dzina la Tippex, utoto woyera wofufutira zolembedwa, lidasanduka dzina la chisankho chonsecho. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko adathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, ndipo china chidachitika pa 23 Juni chaka chomwecho. Chigamulocho chinali cha masamba mazanamazana, m'Chingerezi cha maloya, koma mlimi wa ku Chamama ankadziwa phata la mlanduwo kudzera m'mau awiri okha.

Nthawi zina liu latsopano limakhala lakale lomwe lapatsidwa ntchito ina. Inu akatekisiti mukudziwa bwino m'bindikiro ngati nthawi yodzipatula kukapemphera. Matenda a Covid-19 atapezeka m'Malawi pa 2 Epulo 2020, boma lidalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21, ndipo mawailesi ndi mauthenga a pa lamya adatcha zimenezi m'bindikiro. Khoti lalikulu lidaimitsa ganizolo pa 17 Epulo, koma tanthauzo latsopanolo lidatsala. Chimodzimodzi mpamba, liu la makolo lonena za chuma choyambira malonda, limene kampani ya TNM idalisandutsa dzina la njira yotumizira ndalama pa lamya. Ndipo masamba a mchezo enieniwo, dzina limeneli lidapangidwa kuchokera ku mau athu omwe.

Kufupi ndi Chamama komweku kuli chitsanzo china. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, adapanga makina opukusidwa ndi mphepo otulutsa magetsi ali ndi zaka 14. Posowa dzina la Chichewa la makinawo, adawatcha magetsi a mphepo. Mbiri yake idafalikira pa intaneti kuyambira mu 2006, adakalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, buku lake lidatuluka mu 2009 ndipo filimu mu 2019. Komabe liu limene lili pakamwa pa aliyense m'midzi yathu ndi sola, chifukwa chinthucho chili pa madenga ambiri. Apa tikuphunzirapo kuti kukoma kwa liu pakokha sikulifalitsa. Limafala ngati anthu akulifuna tsiku ndi tsiku.

Mau ochapa manyazi

Tsono pali mau ena amene amafala chifukwa amafewetsa chinthu choipa. Cha m'ma 2015 ndi 2016 ku South Africa, atsikana ena ankaika pa Instagram zithunzi za zovala, maulendo ndi mphatso zodula, nalemba liu la Chingerezi lotanthauza kuti adalitsidwa. Anthu adayamba kufunsa monyodola kuti wowadalitsayo ndani, ndipo kudabadwa dzina loti blesser, kutanthauza wodalitsa: bambo wachikulire wa ndalama amene amapereka mphatso kwa mtsikana pofuna thupi lake. Liuli lidaoloka malire pa lamya, ndipo achinyamata a kuno akulidziwa.

Chichewa chinali nalo kale dzina la munthu wotere. Ndi chidyamakanda. Tayerekezani maina awiriwa. Loyambalo likatchulidwa, munthu amachita manyazi, mudzi umadziwa kuti pali wolakwa ndi wolakwiridwa. Lachiwirilo likatchulidwa, anthu amaseka, ndipo mtsikana amaoneka ngati wamwai. Mchitidwe ndi womwewo, koma dzina latsopanolo lauchapa, ndipo lachita kubwereka liu la dalitso, limene ife timalitchula ndi ulemu.

Nkhaniyi si yapatali. Kudera la fodya aliyense akudziwa mmene ndalama zimayendera pa malo ochitira malonda mabelo akagulitsidwa, ndiponso mmene mabanja ambiri amavutikira miyezi ya njala. Mtsikana wosowa fizi, sopo kapena foni ali pa mayeso aakulu. Dziko lathu lidakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja kudzera m'lamulo la 2015, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezi. Koma sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wa boma adapeza atsikana oposa 40,000 atatenga mimba ndi ana pafupifupi 13,000 atalowa m'banja m'miyezi yochepa. Palibe anganene kuti liu limodzi ndilo lidachititsa zonsezi, pakuti umphawi ndiwo muzu wake. Koma lamulo limagwira ntchito pamene anthu akuona chinthu kuti nchoipa, ndipo liu loseketsa limaphimba maso amenewo.

Mau amene adakhetsa mwazi

Choopsa kwambiri ndi dzina limene limamatidwa pa munthu. Mphekesera za anthu opopa magazi nzakale m'maiko a kuno. Ku Zambia m'nthawi ya atsamunda ankawatcha banyama, ndipo kuno kwathu zidavutapo kumapeto kwa 2002 ndi kumayambiriro kwa 2003. Mu Seputembala 2017 zidabukanso ku Mulanje, nkufalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Ulendo uno dzina loti anamapopa lidayenda ndi pakamwa komanso pa lamya, pamodzi ndi mauthenga ochenjeza ndi zithunzi. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu olusa, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo apolisi adamanga anthu oposa 100. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adapezeka atapopedwa magazi. Mu 2020 mphekesera zomwezo zidabukanso m'maboma ena a chigawo chapakati ndi chakumpoto, ndipo miyoyo ina idatayika.

Onani mmene dzina lotere limagwirira ntchito. Mlendo wodutsa, wodwala misala, wogwira ntchito zachipatala, akangotchedwa namapopa, amaleka kukhala munthu wa dzina lake ndi abale ake. Palibenso womufunsa kuti akuchokera kuti. Kudera ngati la Chamama, kumene kumabwera alendo ambiri ofuna ntchito ya m'minda ya fodya ndi ogula mbeu, ngozi yotere ili pafupi nafe. Zofananazo zidachitika ndi katemera wa Covid-19, amene adafika m'dziko muno mu Malichi 2021. Mauthenga a pa lamya adamupatsa maina oopsa, ena nkumutcha chizindikiro cha chilombo. Ambiri adachita mantha, ndipo mu Meyi chaka chomwecho boma lidaotcha katemera woposa 19,000 amene masiku ake adatha asanagwiritsidwe ntchito.

Vutoli si la Malawi yekha. Ku India anthu ambiri adaphedwa mu 2018 chifukwa cha mphekesera za oba ana zimene zidafala pa WhatsApp, ndipo mu Januwale 2019 eni ake a WhatsApp adaika malire pa dziko lonse akuti uthenga umodzi usatumizidwe ku malo oposa asanu nthawi imodzi. Kuno kwathu kuli lamulo la 2016 loona za mauthenga ndi malonda a pa intaneti, ndipo anthu ena adamangidwapo chifukwa cha zimene adalemba. Koma malire a kampani ndi lamulo la boma zimathera pa lamya. Liu likatsika nkuyamba kuyenda ndi pakamwa, palibe wapolisi angaligwire.

Udindo uli pa ife oima pakati

Nanga tichitenji? Kuletsa achinyamata kulankhula mau atsopano nkutaya nthawi, ndiponso nkulakwa, chifukwa mau ambiri otere alibe vuto ndipo ena ngothandiza. Chichewa Board sidzabweranso. Alonda a lero ndi anthu amene aima pakati pa lamya ndi mudzi: mphunzitsi, katekisiti, mfumu, mlangizi wa zaumoyo, mlembi wa kalabu ya alimi, woyang'anira gulu la WhatsApp, ndiponso mwana amene amawerengera makolo ake mauthenga. Liu lililonse lofika ku Chamama limadutsa mwa mmodzi wa anthu amenewa.

Kwa onsewa, funso lofunika si lakuti liuli nlachingerezi kapena nlachichewa. Mafunso ake ndi ena. Kodi likutanthauzanji kwenikweni, ndipo lachokera kuti? Kodi likuunikira chinthu chobisika, monga adachitira kashigeti, kapena likuphimba chinthu chonyansa? Kodi likamatidwa pa munthu, munthuyo zimuthera bwanji? Makolo adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Wotumiza uthenga umene sadautsimikize ndiye kandimverere wa masiku ano, ndipo kunena kuti "ndangotumiza momwe ndalandirira" sikuchotsa mlandu pa iye.

Makolo ndi alangizi ayenera kuchita chinthu chimodzi chimene ambiri amachipewa: kufunsa ana ao tanthauzo la mau amene akulankhula, mofatsa, osati mokalipa. Mwana amakondwa kuphunzitsa wamkulu, ndipo pofotokozapo iye mwini amayamba kuona chimene chili m'kati mwa liulo. Pamene dzina latsopano likuchapa choipa, wamkulu atchule dzina lake lakale poyera, kuti ana amve kulemera kwake. Pamene mphekesera yafika ndi dzina loopsa, woyang'anira gulu asadikire kuti mawa kuche: afunse kwa mfumu, kwa apolisi kapena kuchipatala, ndipo auze gulu lonse chimene wapeza. Madzi akatayika saoleka.

Ndipo amene ali ndi luso la mau asakhale chete. Ngati mnyamata wa ku Wimbe adatha kupezera dzina makina amene anali asanaonekepo m'mudzi mwake, aphunzitsi, olemba ndi oulutsa mau angathenso kupanga maina abwino a zinthu zatsopano ndi kuwaponya m'magulu momwemo, mmene mau ena onse akudzera. Njira imene ikubweretsa zoipa ndi yomweyo ingabweretse zabwino.

Mlimi wa ku Chamama sadinda belo asanasankhe fodya wake tsamba ndi tsamba, chifukwa amadziwa kuti tsamba limodzi loola likhoza kubwezetsa belo lonse ku okushoni. Luso lomwelo tiligwiritse ntchito pa mau amene tikulandira ndi kupatsira ana athu.